Usakabisale Kuseri kwa Tempuleti, Tawonga

Nkhorongo, Mzuzu
Lamulungu masana

Tawonga mwana wanga,

Iwe wapita ku Chiputula kukatsanzika azakhali ako. Adada ako ali pakhonde, akumanga chikwama chako ndi chingwe kachitatu, ngati muli mbuzi yofuna kuthawa. Ine ndakhala patebulo kuti ndilembe zimene pakamwa panga pakanika kunena sabata yonseyi. Umandidziwa, ndikayamba kulankhula ndimathera m'kuseka kapena m'misozi, mfundo n'kusowa. Kalatayi ndiyiika m'thumba la juzi yako yofiira. Ukaiwerenge basi ikadutsa pa Jenda, pamene sungathenso kutsika n'kubwerera kudzanditsutsa.

Choyamba ndinene poyera: ndasangalala, mwanawe, ndasangalala zosasimbika! Lero kutchalitchi amayi a kwaya amandifunsa kuti, "Nangozo, mwadya chiyani kuti muziimba mokweza chonchi?" Ndinawauza kuti mwana wanga mawa akupita kukoleji kukaphunzira za makina, ndipo amusankha kale kulowa m'timu ya ophunzira imene ikapikisane pa maloboti kunja kwa dziko lino. Mayi wina anafunsa ngati maloboti ake ndi aja a pamsewu, oyaka zofiira ndi zobiriwira. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati ayi, ndi timakina tamatayala timene mwana amatilembera malamulo pakompyuta, ndiye timayenda tokha, timaona tokha, timanyamula zinthu tokha. Mayiyo anangogwira pakamwa, kudabwa ndi ana a masiku ano, n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Ŵana ŵa mazuŵa ghano!"

Koma pali chimene chandikhazika pansi. Lachinayi ndikuyanika zovala kuseri kwa nyumba, ndinakumva ukulankhula pafoni ndi Asiyatu, mnzako uja munapanga naye kaloboti kusekondale. Sindinafune kumvetsera, koma zenera linali lotsegula. Unati, "Kumene ndikupitako kuli akatswiri, aise. Ine ndizikangogwiritsa ntchito tempuleti ngati wina aliyense. Ikalephera, sadzanena kuti ndi ine." Ndinaima ndi malaya a adada ako m'manja, madzi akudonthera kumapazi. Mawu amenewo ndimawadziwa, Tawonga. Anakhala m'kamwa mwanga zaka zambiri, ndipo ndikufuna udziwe kumene anandifikitsa.

Unandifotokozera wekha kuti tempuleti ndi khodi, malamulo a pakompyuta aja, yolembedwa kale, imene imabwera limodzi ndi mamota ndi mawaya kuti wophunzira ayambirepo. Sindikuti ndi yoipa ayi. Mwana amayamba kuyenda atagwira mpando. Koma amene analemba tempuletiyo sanaione holo imene ukapikisaniremo, sadziwa kuti tayala lako lakumanzere limaterera, ndipo iweyo sakudziwa.

Ine ndinafika mu Mzuzu muno ndili mtsikana, kutatsala chaka chimodzi kuti kuchitike riferendamu, atanditumiza kuchokera kwathu ku Ntcheu kudzakhala mtayipisiti mu ofesi ina yosunga mafayilo a anthu ogwira ntchito. Chitumbuka sindinkadziwa ngakhale "monire", kuzizira kunkandilowa m'mafupa, ndipo ndinkaopa chilichonse: bwana, telefoni, ngakhale mesenjala amene. Masiku amenewo munthu sunkafunsafunsa. Unkayamba wacheuka usanatchule dzina la munthu wamkulu. M'kabati munali fayilo ya makalata achitsanzo, ina yosamutsa munthu, ina yomukweza, ina yomupumitsa pantchito. Ntchito yanga inali kutenga chitsanzo, kusintha dzina ndi tsiku, n'kutayipa. Ndinali wachangu kwabasi. Bwana ankati zala zanga zimamveka ngati mvula pamalata, ine n'kumadzimva.

Tsiku lina bwanayo anandiponyera fayilo ya a Nyirenda, dalaivala wachikulire, pamwamba pake atalembapo kuti itsekedwe. Sindinaitsegule n'komwe. Ndinangoti kutseka fayilo ndiye kuti munthu wapuma pantchito. Ndinasolola chitsanzo chake n'kutayipa kuti tikukuthokozani chifukwa cha ntchito yanu, tikukufunirani moyo wautali ndi thanzi labwino pamene mukukapuma kumudzi. Bwana anasaina osawerenga, kalata n'kupita. Patatha sabata ziwiri kunabwera mayi wina wovala zakuda kuyambira duku mpaka chitenje. Anafunsa kuti anatayipa kalatayi ndani, anthu n'kuloza ine. Sanakalipe, mwana wanga, bola akanakalipa. Anaiyala kalatayo patebulo langa, anaisalaza ndi dzanja, n'kunena m'Chichewa chovutikira kuti, "Mwana wane, adada ŵa ŵana tinawaika m'manda mwezi watha. Moyo wautali uwu ndikawapatsire kuti?"

Chikalata cha imfa chinali tsamba loyamba m'fayilo ija. Loyamba lenileni! Ndinagwada pasimenti, ndinati, "Pepani amayi, ine ndinangotsatira chitsanzo." Iwo anati, "Chitsanzo chilibe maso, mama. Maso muli nawo ndinu." Anapinda kalata yawo n'kumapita. Mpaka lero ndimakumbukira mmene dzanja lija linkasalazira pepala.

Ndiye wamva, Tawonga? Iwe ukuti ikalephera sadzanena kuti ndi iwe. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma mayi aja sanakaime pamaso pa kabati, anadzaima pamaso panga. Ukatenga khodi ya munthu wina, uiwerenge mzere ndi mzere mpaka udziwe chimene mzere uliwonse ukuuza loboti. Umene sukuumvetsa usaulumphe. Ufunse, uuyese, uuchotse uone chimene chichitike. Maso uli nawo ndiwe.

Ndipotu zimenezi unazidziwa kale kuposa ine! Kodi waiwala tsiku la mpikisano wa masukulu mu holo ija ya ku Luwinga? Ine sindidzaliiwala mpaka kumanda. Bolodi loyera lili pakati, mzere wakuda ukukhotakhota pamwamba pake, ndipo loboti iliyonse imayenera kutsatira mzerewo, kukatola kathabwa kumapeto n'kukaponya m'bokosi. M'mawa kunali chifunga chathu chija cha mu Mzuzu, ndipo poyeserera maloboti onse ankayenda bwinobwino. Koma mpikisano weniweni utangoyamba, chifunga chinayera, dzuwa n'kulowera m'mazenera a m'mwamba aja kudzagwera pabolodi ponse. Abale inu, maloboti anapenga! Ina inkangozungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodwala chitopa. Ina inasiya mzere n'kulunjika kumapazi a woweruza. Ina inayenda pang'ono n'kuima, mwini wake akuikuwira ngati imamva. Unandinong'oneza kuti mu tempuleti analembamo nambala imodzi yosasintha youza loboti kuti apa n'pakuda, apa m'poyera, ndiye dzuwa litawalitsa bolodi nambalayo inasanduka bodza.

Kenaka anaitana sukulu yanu. Iwe ndi Asiyatu munaika kaloboti kanu poyambira, unadina batani, koma iko osanyamuka. Kanangoyamba kugwedeza mutu, kumanzere, kumanja, kumanzere, ngati galu wonunkhiza njira. Anthu anaseka. Bambo wina kumbuyo kwanga anati, "Kakuchita mantha ako!" Koma ine ndinkadziwa kuti ndi mbali imene munalemba nokha, yoti kayambe kadziyezera kuda ndi kuyera kwa tsiku limenelo kasanayende. Ndiye kanangoti tseretsere, kutsatira mzere ngati kakuyenda m'njanji. Pokhota poyamba kanakhota. Pachiwiri kanachepetsa liwiro, kanakhota. Adada ako, munthu wofatsa uja amene sakweza mawu ngakhale pa mpira, ndinangoona ali chiimire pampando wa eni ake akukuwa, "Chikwenda! Wonani, chikwenda! Mwana wane uyo!" Kanafika kumapeto, kanatsitsa kadzanja kake, kanatola kathabwa, n'kukaponya m'bokosi kuti gobede. Holo yonse inaphulika. Che Saidi, bambo ake a Asiyatu, amene anatseka golosale yawo tsiku lamalonda kuti adzaonere, anaponya kofia m'mwamba osaionanso kumene yagwera. Ine ndinaimba nthungululu mpaka mawu anandithera masiku awiri.

Koma ukumbukirenso miyezi iwiri ya m'mbuyo mwake. Adada ako anakujambulirani mzere papulayiwudi pabalaza pano, ndipo kaloboti kaja kanagunda mwendo wa tebulo kosawerengeka. Kanagwetsa fulasiki yanga ya tiyi. Tsiku lina unakasiya pansi n'kukadzitsekera kuchipinda. Aphunzitsi anu a Mhango, pokuchitirani chisoni, anati, "Atsikana, nthawi yatha, bwererani ku tempuleti." Iwe unawayankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, tiloleni sabata imodzi yokha." Mtsikana amene anapempha sabata imodziyo ndi amene amusankha kupita kunja. Sanasankhe tempuleti, imeneyo ali nayo kale. Usakamusiye m'basi mtsikana ameneyo, ukafike naye.

Tsono usaganize kuti ndikukuuza kuti uzikasintha zinthu mwachisawawa. Pamenepo napo ndinapsapo. Chaka cha riferendamu, anthu akukangana m'maminibasi za nyali ndi tambala, ku ofesi kwathu kunabwera kompyuta yoyamba. Anaipatsa chipinda chakechake, anaifunditsa nsalu ngati mkwatibwi. Kunabwera bambo wina wochokera ku Lilongwe, anatiphunzitsa masiku awiri, n'kutisiyira pepala lonena kuti dina apa, kenaka apa, china chilichonse usakhudze. Tinalipo awiri, ine ndi Nyachirwa, mtayipisiti mnzanga wa ku Rumphi amene anandiphunzitsa Chitumbuka, yemwe uja umamutcha anti. Miyezi itatu tinkalowetsamo maina a anthu ogwira ntchito, kutsatira pepala lija ngati malamulo khumi.

Zotsatira za riferendamu zitatuluka, mu ofesi munasintha mpweya. Anthu anayamba kuseka mokweza, kuwerenga nyuzi poyera, kutsutsana ndi bwana pa nkhani ya tchuthi. Tsiku lina Nyachirwa anatseka chitseko cha chipinda chija n'kunena kuti, "Sono tingafumba chilichose. Nanga makina awa ndiye tiziwaopa?" Tinafufuza m'katoni imene kompyuta inabweramo, n'kupeza buku lalikulu likadali m'pulasitiki. Tinkaliwerenga nthawi ya nkhomaliro, dikishonale pambali, nthochi kudzanja. Ndipo tinatulukira chinthu chimene chinandisowetsa mtendere ndi chimwemwe: pulogalamu imene tinkaiopa ija inali mawu chabe, olembedwa ndi munthu ngati ife, oti ukhoza kuwatsegula, kuwawerenga ndi kuwasintha! Choyamba chimene ndinalemba ndekha chinali timizere tisanu, touza makinawo kuti asanje maina potsata boma limene munthu akuchokera. Pulinta itayamba kulira, mndandanda n'kutuluka monga ndinafunira, ndinavina m'chipindamo ngati ndili paukwati wa kwathu. Nyachirwa ankaomba m'manja akuti, "Yewo chomene, Chiuta!" Ndiye ukamadumpha pabalaza loboti yako ikamvera, usamaganize kuti sindidziwa kukoma kwake. Ndimakudziwa mpaka m'mafupa.

Kukoma komweko n'kumene kunandiledzeretsa. Lachisanu lina ndinaganiza zokonza zinthu zisanu nthawi imodzi. Nyachirwa anati, "Nangozo, yamba wakopera pa disiketi." Ine ndinamuyankha kuti, "Ndikudziwa chimene ndikuchita." Ndinasintha, ndinadina, makina anang'ung'uza pang'ono n'kunena kuti zatheka. Nditatsegula mndandanda, ndinaona dzina loyamba: Chavula. Lachiwiri: Chavula. Ndinatsika mpaka pansi, onse Chavula! Ndinaiwala mzere umodzi wouza makinawo kuti asinthe munthu mmodzi yekha, ndiye anapereka dzina la munthu woyamba kwa aliyense. Madalaivala, alonda, makalaliki, bwana amene, onse anasanduka a Chavula. Ntchito ya miyezi itatu inapita m'kuphethira kwa diso, ndipo kope lina panalibe. Ndinakauza bwana ndekha. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Mwaswa nokha, muumbanso nokha." Sabata zitatu tinkatayipanso kuchokera m'mafayilo, nkhomaliro osadya bwino, Loweruka lomwe. Nyachirwa anandithandiza osanenapo ngakhale kamodzi kuti ndinakuuza. Koma ukamamumva mpaka lero akunditcha Nyachavula, wadziwa tsopano kumene linachokera.

Chonde mwana wanga, usanakhudze khodi imene ikuyenda, yamba waisunga pena, ndipo usunge pawiri. Usinthe chinthu chimodzi, uike loboti pansi, uone. Chikayenda, sunganso, kenaka chachiwiri. Ndipo m'mawa wa tsiku la mpikisano nzeru zatsopano zimabwera zokongola kwambiri, uzikane. Mnzako akakuuza kuti yamba wakopera, usamuyankhe ngati mmene ndinayankhira ine. Kupitirira tempuleti si kuthamanga, n'kudziwa pamene ukuponda.

Cholakwa chachitatu ndimachita nacho manyazi, koma ndikuuza. Chaka cha chisankho ndinali ndi pakati pa mchimwene wako Vitumbiko. Nthawi imeneyo n'kuti nditalemba timapulogalamu tambiri, moti ntchito ya sabata yathunthu inkatha m'mawa umodzi. Ndiye kunamveka mphekesera yoti boma latsopano lichepetsa anthu, ndipo oyamba kupita akhala matayipisiti poti kwabwera makompyuta. Mantha anandigwira, ndipo mantha anabala umbombo. Ndinayamba kubisa. Sindinkalembanso mawu ofotokoza kuti mbali iyi ikuchita chiyani. Zinthu ndinkazitcha maina a zilembo zimene ndinkazidziwa ndekha. Nyachirwa akasuzumira ndinkasintha nkhani. Mumtima ndinkati, akandichotsa aona, palibe wina angaziyendetse.

Ndinapita kutchuthi chokabereka. Mwezi usanathe, ku ofesi anasintha pulinta, pulogalamu yanga n'kuima. Nyachirwa anabwera kunyumba ku Chiputula, kumene tinkakhala nthawi imeneyo, atanyamula thewera la mwana ndi mapepala a khodi ija. Anati, "Ndiwonetse pokonza, ndikakonza ndekha." Ndinawayala pamphasa, mwana ali kubere, ndinayang'ana, ndinayang'ananso. Tawonga, sindinamve kanthu! Zolemba zanga zomwe, za miyezi iwiri yokha m'mbuyomo, zinkaoneka ngati wazilemba mlendo. Ndinabisira anzanga mpaka ndinadzibisira ndekha. Bwana anaitanitsa bambo wa ku Lilongwe uja, anafufuta zonse n'kubwezeretsa pulogalamu yakale ndi pepala lake la dina apa. Pobwerera kuntchito ndinapeza palibe ngakhale mzere umodzi wanga. Ntchito sanandichotse, ndipo sanachotse aliyense. Ndinapha ndekha chimene ndinkachiteteza.

M'timu imene ukupitayo mudzakhala anthu amene sukuwadziwa, ena ochenjera kukuposa, ena ongolankhula kwambiri. Usakabise khodi yako poopa kuti akuba nzeru kapena akuseka. Pamwamba pa mbali iliyonse uzilemba mawu osavuta onena chimene ikuchita ndi chifukwa chake, moti ngakhale utadwala malungo tsiku la mpikisano, mnzako akhoza kutsegula n'kupitiriza. Uwaonetse, uwaphunzitse, nawonso akuphunzitse. Amene amamanga thupi la loboti uziwamvera kwambiri, chifukwa khodi yabwino pa tayala lokhota ndi nyimbo yabwino pa ng'oma yobooka. Ndipo anyamata ena akadzafuna kukupatsa ntchito yolemba malipoti ndi kunyamula mbendera poti ndiwe mtsikana, useke nawo, koma unene momveka kuti, "Ine ndimalemba khodi." Ukatero ukhale pampando, utsegule laputopu, aone okha.

Chomaliza ndi chimene sindinauzepo mwana wanga aliyense. Vitumbiko ali ndi chaka chimodzi, ku ofesi kunabwera fomu. Ankafuna munthu mmodzi woti akaphunzire kulemba mapulogalamu ku Blantyre kwa chaka chathunthu. Bwana, ngakhale ndinamusandutsapo Chavula, anaibweretsa patebulo langa n'kunena kuti, "Iyi ndi yanu." Ndinafika nayo kunyumba. Adada ako anaiwerenga n'kunena kuti, "Lutani, mama, pitani ndithu. Mwana tilera ine ndi amama, simudzamupeza atawonda." Palibe amene ananditsekera chitseko, Tawonga, ndikufuna umvetse bwino pamenepa. Koma ine ndinayamba kuganiza kuti kumeneko kukakhala anthu a madigiri, a Chingelezi cha m'mphuno, ine wa fomu folo ndikayankha chiyani? Nanga akakandifunsa chimene sindidziwa? Nanga ndikakalephera, ndidzabwera ndi nkhope yanji? Fomu ija ndinaiika m'dirowa. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Kutatsala tsiku limodzi, Nyachirwa anandifunsa kuti, "Walemba?" Ndinati ayi, mwana akadali wamng'ono. Anandiyang'ana, poti ankadziwa kuti ndi bodza, n'kunena kuti, "Ngati sukuifuna, ndipatse." Ndinamupatsa ndi manja anga.

Nyachirwa ankadziwa zochepa kuposa ine, iye mwini amavomera. Anapita, mayeso oyamba analephera, analira, anafunsa, anakhoza. Akatswiri amene ndinkawaopa aja anakapeza kuti ambiri anali asanakhudzepo n'komwe kompyuta. Wapuma pantchito ali mkulu wa gawo lonse la makompyuta. Ine ndinatayipa makalata a anthu ena mpaka tsiku langa lomaliza. Sindimuchitira nsanje, ndi mlongo wanga wapamtima, ndipo moyo wanga sunali woipa: ndinakulerani, ndinamanga nyumba ino ndi adada ako. Koma nthawi zina ndikamaona iwe utaweramira laputopu, milomo ikuyenda, ndimadzifunsa kuti ndikanalemba zotani ine ndikanapita. Funso limenelo lilibe yankho, ndipo sindikufuna kuti udzakhale nalo. Kulephera kumapola, mwana wanga. Dzina la Nyachavula timaliseka. Koma dirowa ija siseketsa.

Ndiye ukafika, ukapeza akatswiri, uwathokoze Mulungu, chifukwa ndiwo ukaphunzireko. Ukapanda kumva, kweza dzanja. Ife tinadikira riferendamu kuti tiyambe kufunsa, iwe wabadwa pakamwa pali potsegula, usakadzitseke wekha. Loboti yanu ikhoza kukagwa pamaso pa anthu a mayiko ena, zimachitika. Ikagwa ndi khodi yako, udzadziwa pamene yagwera ndipo udzaidzutsa. Ukakumana ndi timu ina yasowa waya kapena batire, uwapatse ngati muli nazo zapadera. Uzidya, usamaiwale chakudya chifukwa cha mzere umodzi wovuta. Uzipemphera. Asiyatu usamutaye poti iye watsala kuno, uzimutumizira zimene ukuphunzira, chifukwa theka la ulendowu ndi lake. Adada ako uziwaimbira wekha, osadikira kuti ayambe ndi iwo. Sadzakuuza kuti akusowa, angoyamba kukonza zitseko zosawonongeka.

Tsopano ndikuululire kanthu, ndipo usakwiye. Dzulo unasiya patebulo mapepala a khodi yako yatsopano, aja wasindikiza kuti uzikawerenga m'basi. Ndinavala magalasi n'kuyamba kuwerenga. Chilankhulo chake si chimene tinkalemba ife, ndipo zambiri zandidutsa pamwamba, koma mafupa ake ndi omwe aja: ngati chakuti, chita chakuti, apo ayi chita chakuti. Ndinawerenga mpaka tiyi anazizira, ngati ndabwerera m'chipinda cha kompyuta chija. Ndiye patsamba lachitatu, pamene loboti yataya mzere, waiuza kuti izikhotera kumanzere mpaka itaona pakuda. Nanga ikapanda kupaona? Ndafufuza mpaka tsamba lomaliza, sindinapeze pamene waiuza kuti ikazungulira kwa nthawi yakuti ileke, iyese kumanja kapena ibwerere m'mbuyo. Mmene ndikuonera ine, ikhoza kuzungulira pamenepo mpaka batire kutha. Ndaikapo kanyenyezi ka pensulo, ndipo mapepalawo ndawabwezera m'chikwama chako cham'manja.

Mwina unakonza kale pena pamene maso anga sanafike, mayi ako angodzivutitsa. Koma ukayese. Ukaike loboti pabolodi lopanda mzere, udine batani, uone chimene ichite, ndipo undiimbire tsiku lomwelo. Ngati ndalakwa, undifotokozere pang'onopang'ono mpaka ndimve, nthawi ndili nayo yambiri. Koma ngati ndalondola, Tawonga, ukawauze akatswiri akowo kuti cholakwikacho anachipeza ndi mtayipisiti wopuma pantchito wa ku Nkhorongo, ndipo akuti mumutumizire masamba ena awafufuzenso.

Ndamva geti likulira, ndipo adada ako akukufunsa ngati azakhali akupatsa nkhuku. Ndilekere pompa ndisanagwidwe.

Wende makora, uyende bwino, Nyamkandawire wanga. Chiuta akusunge.

Ndine mayi ako,
Nangozo